Mayina atatu omaliza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pachitseko cha golosale ina pa Madisi. Panamatidwa pepala lakuti bungwe lina logawa chimanga likufuna munthu wodziwa kompyuta. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, ndipo chaka chimenecho mvula inadula msanga. Ine ndinali nditangobwerera kwathu ku Ntchisi ndi setifiketi yolemba mapologalamu a kompyuta.

Bwana wanga anali a Chimphonda. Dzina langa sanalitchulepo, ankangoti "iwe wa setifiketi". Mu ofesi munali kompyuta imodzi, pulinta yaphokoso ndi jenereta yoyaka maola awiri patsiku.

Pologalamu yathu inkasanja mayina a olandira chimanga, kuyambira A mpaka Z, n'kuwasindikiza. Pakati pake panali lupu, ndiye kuti malamulo obwerezabwereza: tenga dzina, lilembe, ona ngati atsala ena, bwerera. Kompaila, yomwe imasandutsa zolemba zathu kukhala chinenero cha makina, imatha kutambasula lupu kuti izitenga mayina anayi pa ulendo umodzi. Koma imayamba yayeza ngati kutero kuli ndi phindu. Lupu ikakhala yaitali imaisiya momwemo, ndipo yathuyi inaisiya.

"Kompailayi ndi yaulesi ngati iwe," anatero a Chimphonda. Anandichotsa pampando n'kuitambasula okha pamanja, anayi anayi. Ndinawauza kuti pakufunika kalupu kena kotolera otsala, mayina akapanda kukwana anayi kumapeto.

"Ukufuna undiphunzitse ntchito?"

Ndinawasiya amalize okha.

Tsiku logawa ku Bowe, matumba anabwera molingana ndi mayina apapepala. Woitana ndinali ine. Pepala linatha, matumba anatha, koma panatsala anthu atatu. Awiri anangochoka. Wachitatu, mayi Zelesi, anabwera patebulo atabereka mwana, thumba lopanda kanthu lili m'manja.

"Achemwali, mwandidumpha. Ndinalembetsa ine, chala ndinadinda."

Nditafunsa dzina n'kumva kuti likuyamba ndi Z, ndinadziwa. Ndinanong'oneza a Chimphonda kuti lupu ija ndi imene yasiya mayina omaliza. Iwo anayankha mokweza kuti aliyense amve.

"Uwauze mayiwa kuti kompyuta sinama. Apo ayi, mawa usabwere."

Ndinawauza, ndi pakamwa pangapa. Anthu anayamba kuseka, wina n'kunena kuti mayiwa amafuna kulandira kawiri. Mayi Zelesi anapinda thumba lawo bwinobwino, n'kulipanira m'khwapa.

"Zikomo, achemwali," anatero.

M'mawa mwake ndinawonjezera kalupu kotolera otsala, timizere tinayi tokha. Ndinayesanso ndi wotchi njira yakale ndi ya a Chimphonda. Sizinasiyane, chifukwa chochedwetsa ntchito chinali pulinta. A Chimphonda analembera akuluakulu kuti ine ndi amene ndinaiwala kulowetsa mayina, ndipo ndinauzidwa kuti kugawa kotsatira kudzakhala komaliza kwa ine.

Pa kugawa kumeneko dzina la mayi Zelesi linatuluka. Ndinaliitana katatu, osayankhidwa. Mayi wina wa m'mudzi mwawo anaimirira.

"Anapita kumaesiteti a fodya. Mwana wakumbuyo uja tinamuika m'manda sabata yatha."

Ndikulembabe mapologalamu mpaka lero. Kompaila ikakana kutambasula lupu, ndimayamba ndafufuza chifukwa chake. Ndipo pepala likatuluka m'pulinta sindiyambira pamwamba kuwerenga. Ndimayambira pansi, dzina lomaliza ndimalitchula mokweza.