Njerwa zimene ndinasiya kwa Nsamala

Uvuni utangozizira ndinauza mkazi wanga Asiyatu: "Njerwa ndi izo. Ndikupita ku Joni kukasaka malata." Anayankha ndi mchimwene wake, alamu anga a Yusufu, poti mudzi ndi wawo, ine ndine mkamwini. "Mwaganiza mwachimuna, alamu."

Ku Joni ndinkasenza matumba a simenti. Mapepala okhalira m'dzikomo anatha msanga. Galimoto ya apolisi ikadutsa, ndinkabisala. Za mawa sindinkazidziwa: ganyu, ndende, kapena kupirikitsidwa m'chipinda. Foni ikalira ndi kumudzi: feteleza, matenda, sadaka. Ndinkatumiza. Za malata zosatsala. Wocheza naye ndinalibe. Mvula ikayamba ndinkaganiza za njerwa zanga zikumera ndere, n'kumadzitukwana: chitsiru iwe, anzako amanga kale. Chifuwa chinandigwira, kuchipatala osapita. Ndinkati wolephera sayenera mankhwala.

Apolisi anatigwira pamsewu n'kutibweza pa basi. Pa Balaka ndinatsika ndi jumbo imodzi. Pakabaza ndinagwetsera chipewa kumaso, manyazi ndi uvuni uja.

Uvuni panalibe. Panali maungu.

"Njerwa zija zili kuti?"

"Achimwene anamangira golosale," anatero Asiyatu akuyang'ana pansi. "Chaka chomwe munachokacho. Anandiletsa kukuuzani, ati mungasiye kutumiza."

Zaka zonsezo ndinkadzizunza chifukwa cha khoma la munthu wina.

Ndinawapeza a Yusufu pakhonde la golosaleyo, akumwa tiyi.

"Alamu! Mwaondatu. Joni wakukanani?" Anaseka. "Pumani sabata ino. Munthu sagonja ndi ulendo umodzi, iyayi. Ndiye feteleza wayandikiranso. Ndili ndi mnzanga pa Liwonde, amawolotsa anthu opanda mapepala."

Magazi anandiwira. Ndinagwira khoma kuti dzanja lisapite kwina. Khomalo linali losapaka pulasitala. Ndinaziona njerwazo imodziimodzi: zofiira, zakupsa bwino, yong'aluka panalibe. Mvula zonsezo sizinazithe. Anaumba ndine. Anawotcha ndine. Chitsiru sichiumba chonchi.

Chifuwa chinandigwiranso pomwepo, ndinatsokomola mpaka kuwerama. Kwa nthawi yoyamba ndinamumvera chisoni munthu wotsokomolayo.

"Ndiye ndimuuze kuti Lachiwiri?" anafunsa a Yusufu. "Alamu? Ndikuyankhula ndi inutu."

Ndinachotsa dzanja pakhoma, ndinakonza chipewa, n'kulowa njira ya kuchipatala.