Chipinda Chathu cha ku Makata Chinali Chofiira

Ntchito tinayamba tsiku limodzi, ine ndi mnzanga wina wochokera ku Nsanje, pa kampani yogulitsa simenti ndi feteleza ku Makata. Tinkakhala desiki imodzi m'kaofesi kakuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Zenera lake silinkatsekuka chifukwa kunja anaunjikako matumba. Pofika masana mutu unkagunda, ife nkumati ndi njala.

Kampani itapeza maofesi m'nyumba yosanja yatsopano m'tauni, anasankha iyeyo kuti apite. Ine anati madalaivala anandizolowera, nditsale. Ndinamuthandiza kulongedza mafayilo ndikumwetulira, koma mumtima mukutentha.

Tsiku lina anandituma kukasiya mapepala kumeneko. Mnzangayo ndinamupeza atasalala, chifuwa chimene ankatsokomola ku Makata chitatheratu. Anandigwira dzanja nkunditengera pa sikirini yaikulu imene inali pakhoma. Panali chithunzi cha nyumba yonseyo, ngati aichotsa khoma lakumaso, chipinda chilichonse chikuoneka mkati.

"Achemwali, mukuona kabokosi koyera kali kudengako?" anatero. "Kamayeza mpweya, fumbi ndi kutentha, nkutumiza pa chithunzipa. Chipinda chikakhala chobiriwira ndiye kuti zili bwino. Anthu akachuluka chimasanduka chachikasu, basi mafani amayaka okha."

"Okha?"

"Okha. Dzulo pamsonkhano chinachita chikasu, ine mutu nkuyamba kuwawa. Sindikudziwa kuti ndinkakhala bwanji kuja."

Mawu akuti "kuja" anandibaya. Ndinayang'ana nsapato zanga zotuwa ndi simenti pa matailosi awo. Anandipatsa tiyi, ndinakana, ndinati ndili pachangu. Mu minibasi yobwerera ndinkangoti mumtima, chimene anandiposa nchiyani? Masamu ndinkamuphunzitsa ndine.

Patapita miyezi kunabwera amisiri awiri ku Makata. Anayeza makoma athu, nkukhoma kabokosi konga kaja pamwamba pa desiki yanga. Anati ofesi yathunso ailowetsa pa chithunzi cha kukompyuta. Nditafunsa amene wawatuma, anati ndi mayi wina wa kumaofesi a m'tauni amene wakhala akuvutitsa abwana. Ndinadziwiratu.

Mawa lake lomwe foni inalira. Anali mnzanga uja.

"Achemwali, muli bwinobwino? Chipinda chanu chafiira kuno, aliyense waima pa sikirini akuonerera."

Ndinachita ngati andivula pamsika wa Limbe. Anthu ovala majekete, atagwira makapu a tiyi, akuonerera mpweya umene ine ndikupuma.

"Ndili bwino," ndinayankha. "Ife tinazolowera. Auzeni abwerere ku ntchito zawo."

"Musatero, inu. Abwana aona ndi maso awo, sangakanenso."

Ndinadula foni. Tsiku limenelo kabokosiko ndinakaphimba ndi jumbo. Sipanatenge nthawi, mmisiri anaimba kufunsa ngati kawonongeka, ndipo ndinakwera pampando nkuchotsa jumboyo mwamanyazi, dalaivala wina akundiseka pakhomo.

Sabata yotsatira anachotsa matumba pazenera, anaboola khoma nkuikapo fani yotulutsa mpweya. Anasunthanso malo oimikapo malole kuti utsi usamalowe. Mutu unasiya kugunda masana. Mwamuna wanga ku Mpingwe ndi amene anayamba kuona kuti ndasiya kutsokomola.

Pamsonkhano wa ogwira ntchito, abwana anamuimiritsa mnzanga uja, nkumuyamikira kuti ndi munthu woganizira anzake. Anthu anawomba m'manja, inenso ndinawomba. Za ine amene ndinakhala m'fumbimo zaka zonsezo sanatchule. Posakhalitsa anamupatsa udindo woyang'anira maofesi onse, ndi yathu yomwe.

Mpaka pano ndidakali ku Makata. Chipinda chathu chimakhala chachikasu, mvula ikagwa chimabiriwira. Mnzanga uja amaimba nthawi zina nkuti, "Lero ndiye muli bwinotu, ndakuonani." Ndimayankha kuti zikomo, abwana. Amaseka, amayesa ndikuchita nthabwala.