Oyilo wa ku Chigayo

Mwana wanga woyamba anadwala mu Okutobala, nthawi imene mchenga wa kunyanja umaotcha ngakhale mapazi a asodzi. Anali asanayambe kuyenda. Thupi linakhala likutentha, kenako m'mawa wina ndikumusambitsa ndinaona zikhatho zake zayera ngati wagwira ufa. Ndinathamanga naye ku kachipatala ka pafupi ndi kwathu, cha ku Nkope. Adokotala anamukoka chikope, anayang'ana, n'kundiuza kuti magazi atha, ndipite naye ku chipatala chachikulu ku boma ku Mangochi tsiku lomwelo, ndisagone. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina. Basi inali itadutsa kale. Ndinabwerera kumudzi ndikumvetsera kupuma kwake pamsana panga, kumene kunali kwachangu ngati kwa nkhuku yothamangitsidwa.

Galimoto m'mudzi mwathu inalipo imodzi, koma sitinkaitchula. Inabwera ndi alamu anga, amuna a achemwali anga, pothawa nkhondo ku Mozambiki. Inali ya abwana amene ankawayendetsa kumeneko, ndipo za abwanawo alamu sankakamba. Mapepala inalibe. Anaibisa kuseri kwa nyumba, pansi pa thandala loyanikapo usipa, n'kuifunditsa maukonde akutha ndi mikeka. Nkhuku zinkaikira m'munsi mwake. Tonse tinkadziwa kuti apolisi akaiona ailanda, mwinanso atenga ndi alamu omwe.

Sindinawapemphe ndi pakamwa. Ndinangowatambasulira kadzanja ka mwana. Iwo anayang'ana, anayang'ana achemwali, n'kuyamba kuchotsa maukonde.

Petulo sanavute. Amuna anga ndi msodzi, anathamanga kwa eni boti n'kubwera ndi chigubu chimene anali asanathiremo oyilo. Ine ndinali nditakhala kale pampando wakutsogolo, mwana pamiyendo. Koma alamu anatsegula boneti, anasolola kachitsulo kakatali koyezera oyilo, anakapukuta, anakalowetsanso, ndipo kanatuluka kouma. Anagwada n'kusuzumira pansi. Panali bowo la chipolopolo limene anamata ndi sopo wosakaniza ndi shuga tsiku limene anawoloka malire, ndiye miyezi yonseyo oyilo ankadontha pang'onopang'ono, mchenga n'kumamwa. Bowolo analimatanso. Koma anati popanda oyilo injiniyo sifika ngakhale kumsewu waukulu.

Amuna anga anathamanganso, anabwera ndi oyilo wa boti, uja amathira m'petulo. Alamu anapukusa mutu. Amalume a amuna anga, amene anagwirapo ntchito pa lole yonyamula nsomba, anatulutsa chitini chawo cha oyilo wa magiya chimene ankapakira njinga. Anati ameneyu ndiye wamphamvu, wolimba ngati uchi, galimoto iliyonse ingamuthokoze. Alamu anapukusanso mutu.

“Galimoto yosankha ndiwo ngati mkamwini wa m'tauni,” anatero amalume. “Oyilo ndi oyilo, achimwene. Thirani mupite.”

Mumtima ndinali kumbali ya amalume. Ndinkafuna athire chilichonse, ngakhale mafuta ophikira, bola chiyende. Mwana anali atasiya kulira, ndipo kusalirako ndi kumene kunkandiopsa.

Alamu sanali munthu wolankhulalankhula, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chopindika ndi Chiyao. Anatiwonetsa chinthu chachitsulo chokhala pambali pa injini, cholumikizidwa ndi lamba. Anati chimenecho ndi mvukuto, ngati wa osula makasu. Chimakankhira mpweya m'kati mwa injini kuti moto uyake kwambiri, n'chifukwa chake galimotoyo inawathawitsa pamene ena anagwidwa. Koma moto ukachuluka kutentha kumachulukanso. Oyilo wamadzimadzi akatentha amasanduka madzi enieni, zitsulo n'kuyamba kudyana. Wolimba kwambiri sakwera msanga m'timipata ta m'mwamba, akamafika n'kuti zitsulo zitapsa kale.

Amalume sanakhulupirire. Ndiye alamu anauza achemwali kuti abweretse chiwaya ndi supuni, aike pambaula. Ine ndinkangoyang'ana, mwana wanga akutha, amuna akuluakulu akukazinga oyilo ngati mtedza. Wa boti atangogwa pachiwaya anathamanga mbali zonse n'kuyamba kufuka. Wa magiya anakakamira pasupuni osafuna kugwa, akununkha ngati dzira lovunda.

Alamu anabwera pazenera pamene ndinakhala n'kundiuza kuti:

“Alamu, mwanayu ndi wanu. Mukanena kuti ndithire, ndithira. Koma ikakafera pathengo dzuwa lino, sinditha kuidzutsa.”

Msewuwo ndinkaudziwa. Pali malo amene munthu amayenda osaona nyumba, malambe okhaokha ndi minga. Ndinadziona nditakhala pamenepo m'mphepete mwa msewu, mwana m'manja, ndikudikira lole yosabwera. Ndinafunsa kuti akufuna wotani. Anati wapakatikati, wa injini, ngati amene amathira m'chigayo.

Mwini chigayo anali bambo wachisilamu wochokera ku boma, wokonda nkhani, ndipo apolisi akabwera kudera kwathu ankamwera tiyi kwa iye. Kumupempha oyilo kunali kumuuza za galimoto. Achemwali anayang'ana pansi. Amuna anga ankakanda m'mutu. Sindinadikire kuti agwirizane. Ndinatsika, ndinabereka mwana, ndinathamanga.

Kuchigayo kunali mzere wa amayi ndi malichero awo, phokoso lili loti sungamvane ndi munthu popanda kukuwa. Ndinadutsa onse mpaka kwa bamboyo, ndinagwada, ndinakuwa m'khutu mwawo kuti ndikupempha oyilo. Anaseka, anafunsa ngati ndikufuna ndikamwetse mwana. Ndinamasula nsalu n'kuwaonetsa zikhatho zija. Kuseka kunatha.

“Ndi wa galimoto ija ya pansi pa thandala?”

Ndinamufunditsanso mwana nsalu ija, iwo n'kupitiriza.

“Mayi, usipa suyanikidwa pathandala lokhala ndi matayala. Mudzi wonse ukudziwa. Dzukani.”

Analowa m'kachipinda n'kutuluka ndi chitini, anachigwedeza, chinali cha theka. Anati sichikwana. Anaima pang'ono, anayang'ana mzere wa amayi aja, kenako anazimitsa chigayo. Bata lake linandilowa m'mutu ngati madzi. Amayi anayamba kung'ung'udza kuti ufa wawo uli m'kati. Bamboyo anagona chagada pafumbi la ufa, anamasula pansi pa injini, oyilo wotentha wakuda n'kumatsikira m'beseni. Anamusefa pa nsalu. Anati si watsopano koma anamuthira posachedwa, inshaallah akatifikitsa.

Pobwerera ndinanyamula chitini ndekha, iwo beseni. Sukulu ndinalekeza pulayimale koma manambala ndimawerenga. Pachitinicho panali 40. Cha amalume chija chinali ndi 90. Ndinati ndathamangira chinthu chochepa mphamvu. Nditawauza alamu, anati nambalayo si malikisi a kusukulu, imangonena kulimba kwake. Anadontheza pang'ono pakati pa zala, anatikita, anatambasula zalazo, kaulusi ka oyilo kanatalika pang'ono kasanaduke. Anathira.

Batire inali itafa kalekale. Amene anakankha ndi amayi a kuchigayo aja, amene anatilondola ali mbuu ndi ufa, akulalatabe za mgaiwa wawo. Galimoto inatsokomola, inakana, inatsokomolanso, kenako inalira. Mvukuto uja unayamba kuimba kamluzu kowonda kamene sindinamvepo pa galimoto ina iliyonse. Alamu sanaponde moto nthawi yomweyo. Anakhala akumvetsera, mutu uli chopendeka, kudikira oyilo akwere. Ndinkafuna kuwamenya.

Tisananyamuke anandilozera kagetsi kofiira kuseri kwa chiwongolero. Anati iwo ayang'ana msewu, ine ndiyang'ane kameneko, kakayaka ndinene msanga chifukwa ndiye kuti oyilo watha kapena wasungunuka. Amuna anga anakhala kumbuyo atafumbata botolo limene tinathiramo oyilo wotsala.

Ulendo wonsewo maso anga anali pawiri, pachifuwa cha mwana ndi pakagetsi. Kaya tinadutsa ndani, kaya pa Nkopola panali anthu, sindikudziwa. Pansi pa mapazi anga panatentha mpaka ndinakweza miyendo. Fungo la oyilo wakupsa linadzaza m'galimoto. Ndinkafunsa kuti bwanji sakuthamanga, popeza galimotoyo inathawa zipolopolo. Anati akaukwiyitsa mvukutowo sopo asungunuka. Mwana anatembenuza maso kamodzi, ndinamuwuzira kumaso, ndinamutchula dzina, ndinamutsina kachala mpaka anadandaula pang'ono.

Nyumba za ku boma zitayamba kuoneka, kagetsi kanaphethira. Ndinaganiza kuti ndi dzuwa. Kanaphethiranso.

“Alamu, kayaka.”

Anaima pomwepo, koma injini sanazimitse, poti panalibe wotikankha. Amuna anga anathira wa m'botolo uja, wina n'kutayikira pambali. Ndinasuzumira kumbuyo, ndinaona madontho akuda atandanda mumsewu kumene tinachokera. Sopo anali atayamba kugonja. Alamu anati akanakhala wa boti uja bwenzi atatha kalekale kuthengo. Kagetsi kanazima. Tinapitirira pang'onopang'ono, ine ndikupemphera mawu osalumikizana, ndipo pachipata cha chipatala kanayakanso, osaphethira tsopano, kofiira kokhazikika.

Sindinatseke n'chitseko chomwe. Anamwino anandilanda mwana m'manja. Anayeza magazi a amuna anga, anagwirizana ndi a mwana, anamuika. Ndinakhala pansi pambali pa bedi ndikuyang'ana madontho ofiira akutsika m'kachubu, ndipo maso anga anali atazolowera kale kulondera chinthu chofiira moti sindinathe kuwachotsapo.

Galimoto sinabwererenso kumudzi. Inakhala pachipatapo, chithaphwi chakuda pansi pake, anthu n'kumaizungulira, mpaka apolisi anabwera kudzafunsa mapepala. Anaikoka. Alamu nawo apolisiwo anakawafunsa mafunso ambiri n'kuwamasula, anabwerera kumudzi pa lole ya nsomba. Achemwali anakhala nthawi osandiyankhula bwino, ndipo sindinawadandaule.

Tsiku lotsatira dzuwa litakwera mwana anatsegula maso n'kufuna bere. Ndinamutambasula kadzanja. M'zikhatho munali mutabwerera kufiira pang'ono, ndipo pachala chimene ndinamutsina panali chidindo chakuda cha oyilo wa ku chigayo, wochoka m'zala zanga. Anamwino anandipatsa sopo kuti ndimupukute. Ndinati ndimupukuta akamaliza kuyamwa.