Mayi Wosoka Makushoni Amene Anawerenga Buku ndi Makutu

Evelyn Yosiya anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi tauni ya Banket, m'dziko la anthu olankhula Chishona, kumene bambo ake anafika kuchokera ku Dedza akadali anyamata. Sukulu anailekezera mu giredi faifi. Famu ija italandidwa, iye ndi mwamuna wake Laston anathawira ku Glen View, dera lina la mumzinda waukulu wa dzikolo. Laston atapita ku Joni osabwerako, Evelyn anayamba kusoka makushoni a masofa pamalo ena pamene akalipentala ankakhomera mipando pamtetete. Makina ake anali opalasa ndi phazi, choncho magetsi akazima iye ankangopitiriza.

Mu 2008 aphunzitsi ananyanyala ntchito, masukulu n'kukhala pululu. Mwana wamkazi wa Evelyn, Gamuchirai, ankayenera kulemba mayeso a Fomu 4 chaka chomwecho. Limodzi mwa mabuku a mayesowo linali nkhani yakale yachingerezi ya mkazi wina wokwatiwa ndi dokotala.

"Amayi, buku ili n'lotopetsa," anatero Gamuchirai tsiku lina, atakhala pamulu wa thonje pambali pa makina. "Palibe chikuchitikamo."

"Undiwerengere ndimve. Pamene pavuta uzindimasulira."

Mtsikanayo ankawerenga, n'kumamasulira mosakaniza Chishona ndi Chichewa, makina akulira. Tsiku lachitatu Evelyn anachotsa phazi pamakina.

"Taima kaye. Mayiyu dzina lake ndani?"

Gamuchirai anatsegula masamba cham'mbuyo, koma dzina silinapezeke. Paliponse ankangoti mkazi wa dokotala.

"Wolembayo sanaiwale ayi," anatero Evelyn. "Wachitira dala. Wabisa dzinalo ngati mmene ndimabisira msoko m'kati mwa kushoni. Ndipo taona chinanso. Mwamuna akakhala m'nyumba, timangomva mawu a mwamunayo. Akangotuluka, wolemba amatilowetsa mumtima mwa mkazi. Dzina lija lituluka tsiku limene adzachite chinthu mwa kufuna kwake. Uona."

Patapita sabata anafika pamene mkazi uja, ngakhale mwamuna wake anamuletsa, ananyamuka yekha kupita kumaliro a mayi ake. Pasiteshoni ya sitima kalaliki anamufunsa dzina, iye n'kulitchula. Evelyn anaimirira n'kuliza nthungululu mpaka akalipentala anasiya kukhoma, kuganiza kuti shuga, amene ankasowa masiku amenewo, wafika m'sitolo.

Madzulo ake, akupinda nsalu, analankhula motsitsa mawu. "Ine pafamu ndinali mwana wa folomani. Kenako mkazi wa Laston. Kuno ndine Mai Gamu, mayi wa Gamuchirai. Papita zaka zambiri munthu asananditchule kuti Evelyn."

Gamuchirai anakauza anzake za mmene mayi ake ankalimvetsera bukulo. Posakhalitsa atsikana asanu, kuphatikizapo iyeyo, ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pamasofa osamalizidwa. Iwo ankawerenga, Evelyn ankafunsa mafunso. Akulankhula pano ndani? Nanga chifukwa chiyani nkhani ya ubwana wake yabwera pano, osati poyambirira? Sankalola yankho lakuti "ndi mmene analembera". Kolera itabuka m'dera lawo, makolo awiri analetsa ana awo kuyenda, koma atatu anapitiriza mpaka mayeso.

Zotsatira zinachedwa miyezi yambiri. Zitatuluka, Gamuchirai anali atakhoza A, anzake awiri aja B.

Bambo Elliot, mphunzitsi wawo wa mabuku amene anali atabwerera kuntchito, anafika okha kudzaona munthu amene anaphunzitsa anawo. Anapeza mayi ali ndi mapini pakamwa, akuyeza nsalu. Anacheza za bukulo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pa za mathero ake sanagwirizane m'pang'ono pomwe. Iwo ankati mkaziyo anataya banja lake, Evelyn ankati anali asanakhalepo nalo.

"Mayi, mayesowa mukalembe inuyo," anatero bambo Elliot potsanzikana.

"Ine? Kulemba Chingerezi kumandivuta, bambo."

"Kulemba tikuphunzitsani. Zimene muli nazozi ndiye sitingaphunzitse munthu."

Zinamutengera zaka ziwiri. Ankasoka m'mawa, masana n'kumakalemba ziganizo m'kope la mwana wa pulayimale. Mu Novembala 2011, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, analowa m'chipinda cha mayeso. Woyang'anira anamuuza kuti makolo adikire panja. Evelyn anamuonetsa chikalata chake, n'kudutsa pakati pa madesiki kufunafuna nambala yake.

Anakhoza B. Tsiku limene anakatenga zotsatira, akalipentala anamukhazika pasofa yatsopano n'kumunyamula m'mwamba, kuzungulira naye msika wonse.