Makina Osokera Pambali pa Bedi la Alamu

Alamu anga tinkawatcha a Jenereta, ndipo dzinalo ndinawapatsa ndine. Munthu akagona, mkonono wake unkamveka mpaka pamsewu. Ukaduka mwadzidzidzi, amayi ochapa pampopi ankakuwa kuti, "Magetsi ayaka, azimitsa jenereta!" Tonse tinkafa nazo chiseko.

Ntchito yawo inali yophika buledi. Chiyambire unyamata wawo ankalowa ntchito anzawo akuweruka, n'kutuluka kutacha, ufa uli mbuu m'nsidze, mikono yodzaza zipsera za mathireyi otentha. Anali munthu wathupi, wa khosi lonenepa, wosakonda zolongolola. Akafika pakhomo ankasamba, kumwa tiyi, n'kudziponya pabedi dzuwa likukwera.

Akazi awo, achemwali anga, ndi telala. Nyumba inali yaing'ono, choncho makina awo osokera, aja opalasa ndi phazi, ankakhala kuchipinda komweko, pambali penipeni pa bedi. Ine ndinkapitako kukasita ndi kusokerera mabatani, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Alamu akakhala akuliza mkonono, achemwali ankasoka mtima uli m'malo. Koma mkonono uja unkakwera, kukwera, kenako zii. Chifuwa chikukankha koma mpweya osalowa, milomo n'kuyamba kuda. Pamenepo achemwali, osacheuka n'komwe, ankachotsa phazi pamakina n'kumenya mwendo wa bedi ndi chidendene, gu! Alamu ankadzidzimuka, kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kutembenukira kukhoma osadzuka. Phazi lija linkabwerera pamakina. Tsiku lonse zinali zomwezo, mpaka penti ya pamwendo wa bedi inasupuka.

"Achemwali, mwamunayu mudzamutha ndi zidendene," ndinkawaseka choncho.

"Iwe, sita malayawo," ankandiyankha. "Phokoso silindiopsa ine. Chondiopsa n'choti akhale chete."

Eni ake sankadziwa kanthu. Ankadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kutauma gwa, n'kumadandaula kuti nyumba ino munthu sapezamo tulo. Ankasinza pampando alendo ali pakati pa nkhani. Tsiku lina anasinza chiimirire pafupi ndi uvuni n'kupsa mkono, ndipo kuchipatala pomanga balalo m'pamene anawapeza ndi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja. Anawapatsa mapiritsi, anamwa, sinatsike. Anawonjezera ena, mchere analeka, koma bipi ili pomwepo ngati anaikhomera ndi msomali.

Namwino wina anafunsa funso loyenera. Izi tinadzazimva mochedwa kwa mnzawo wa kuntchito amene anawaperekeza. Akuti anati, "Bambo, mumaliza mkonono? Alipo anakuuzanipo kuti mumasiya kupuma muli m'tulo? Zimenezo zimakweza bipi, mankhwala n'kumakhala ngati sakugwira. Ulendo wina mubwere ndi mayi akunyumba, tiwafunse."

Mukudziwa chimene anayankha munthu wamkulu uja? "Ine mkonono? Ayi asisitala, ndimagona ngati khanda. Makina a akazi anga ndi amene amandisowetsa tulo."

Aa! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira. Manyazi a chiyani, msewu wonse ukukudziwa ndi mkonono? Atafika kunyumba anangoti achipatala anena kuti ndizigona mokwanira, pamalo a phee. Zobwera ndi mayi zija anazisiya pageti pa chipatala.

Mwana wawo wachisamba, bambo wandevu zake woyendetsa lole, anamva mawu amenewo n'kuwasunga. Musamuone molakwa, ndi mwana wokonda makolo. Anapeza kachipinda mumsewu wa masitolo, anapakamo penti yoyera, anakhoma chikwangwani, kenako anabwera ndi lole kudzanyamula makina.

"Amayi, makasitomala azikupezani pamalo aulemu, osati kuchipinda, ababa atagona chosavala malaya," anatero. "Ndipo ababa apume, mwamva zimene anena achipatala."

"Mwanawe, makinawa asachoke pano."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Bambo ako amaiwala kupuma. Ndimawakumbutsa ndine."

Anthu anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndi alamu. "Mwamva? Zaka zonsezi ndimati ndi zivomezi, kani ndi mayi ako akundiponda! Nyamula, mwana wanga, bipi yanga ndi imeneyi."

Ine sindinakhale chete. Ndinati, "Alamu, musaseke, milomo yanu imada, ndaona ndekha."

"Alamu, inu ndi ine tinayambana kale," anandiyankha akupukuta misozi ya chiseko. "Si ndinu munandipatsa dzina?"

Achemwali anayang'ana mwana wawo, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ndi chimwemwe cha mphatso yake. Anangotola lumo ndi ulusi n'kukwera lole.

Masiku oyamba achemwali ankathamangira kunyumba masana aliwonse, kukaima pakhomo n'kumvetsera. Akamva mkonono ankabwerera kushopu mtima utatsika. Koma malo aja analidi abwino, ntchito inachuluka, ndipo sukulu zitayandikira kutsegulira mayunifomu anatikwirira. Makolo ankakhala pabenchi kudikirira, wina atagwira kabudula, wina diresi. Tsiku lina achemwali anaimirira kuti apite, mayi wina n'kuwagwira mkono kuti mwana wake ayesedwe kaye. Anakhalanso pansi. Ndinaona akuyang'ana kumsewu kawirikawiri, msoko n'kupindika, iwo amene msoko wawo supindika.

Titafika kunyumba madzulo, nthawi yoti alamu adzuke akonzekere ntchito, tinakumana ndi mayi woyandikana nafe akuanula zovala. Anatilonjera mosangalala.

"Koma lero a Jenereta agona bwino! Chiyambire masana kuli zii, mpaka mwana wanga wagona nawo."

Achemwali anaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Ine ndinawapeza ataima pambali pa bedi, akumenya mwendo uja ndi chidendene, gu, gu, gu, osalira, osaitana dzina. Alamu anali chagada, kukamwa kuli yasa, atazizira kale.

Adokotala anatiuza kuti mtima unatopa. Bipi inkaumenya masana ndi usiku, ndiye kubanika kwa m'tulo kuja kunkauwonjezera katundu chaka ndi chaka. Anati chidendene sichikanawasunga mpaka kalekale, chinkafunika n'kuwayeza ali m'tulo, ndipo pali kamakina kovala kumphuno kothandiza anthu otere kupuma. Ine ndinamva, ndipo zinandiwawa koposa, chifukwa thandizo linalipo. Achemwali sindikudziwa ngati anamva.

Shopu ikadalipo, ndipo tikusokabe. Pakhomo loyandikana nayo pali wowotcherera zitsulo, chopalira chake chimalira tsiku lonse, anthu amadandaula koma achemwali sanadandaulepo. Sabata yatha mwana wawo uja anabwera kudzationa, n'kukhala pabenchi chipewa chili m'manja. Chopalira chija chinalira, kulira, kenako chinazima. Achemwali, maso ali pa singano, anachotsa phazi pamakina n'kumenya khoma ndi chidendene, gu!

Mwana uja anayang'ana pansi pamene panamenyedwapo. Penti yake yoyera ija inali itasupuka kale, njerwa ikuoneka. Anaimirira, anatuluka osatsanzika, ndipo lole inakhala panja nthawi yaitali isanalire.