Lamulo Loletsa Moni

Anzake a pa intaneti ankamutcha Mlonda, ngakhale ntchito yake inali ya fotokope m'kashopu kena kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Mayiyu anabwerako kunja ndi sutikesi imodzi, laputopu yosweka pakona, ndi chizolowezi chodya ataimirira. Achibale ankati wasintha. Iye sankatsutsa.

Makasitomala akachepa, ankatsegula gulu lokambirana za pulogalamu ina yaulere yokonzera mayeso a kusukulu, imene aliyense wodziwa ankatha kuikonza. Olemba makodi ake anali m'mayiko osiyanasiyana, osaonanapo n'kamodzi komwe. Wosunga mwambo pagulupo anali iyeyo.

M'mawa uliwonse, makina asanatenthe, pankagwa uthenga wa bambo wina wopuma pa uphunzitsi: "Mwadzuka bwanji nonse? Nanga a Mlonda, chifuwa chija?" Tsiku lonse lathunthu, womufunsa za m'thupi anali yekhayo.

Koma ena zinawakwana. "Foni ikalira ndimathamanga, kuyesa china chawonongeka, kupeza ndi moni!" analemba mkulu wa olemba makodi. "Iwe Mlonda, ukulonda kapena ukuwodzera?"

Mlonda anaona kuti n'zoona. Kunja kuja anthu sankataya nthawi ndi moni. Pa malamulo a gululo anawonjezera lamulo lachinayi: moni wokhawokha, wopanda nkhani ya pulogalamu, saloledwa. Koma kufufuta moni wa munthu wamkulu ndi dzanja lake kunamuchititsa manyazi, choncho anaika kaloboti koti kazifufuta kokha.

Moni wa Aphunzitsi unasowa Lolemba, unasowanso Lachiwiri. Lachitatu Aphunzitsiwo analemba: "Pepani ana anga, sindinadziwe kuti ndikusokosa. Mlendo ndi mame."

Basi, sanalembenso. Gulu linati zii, anthu n'kumayamikira Mlonda kuti wagwira ntchito. Iye nambala ya Aphunzitsi analibe, ngakhale dzina lawo lenileni sankalidziwa. Khomo lokumanirana linali lomwelo analitsekalo.

Patatha masabata atatu, m'mawa wina chifuwa chitamubwerera, anatsegula gululo, kapu ya tiyi ikuzizira pambali pa sitepula. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso: "Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?"

Uthengawo sunakhalitse. Kaloboti kanayankha mwaulemu, ndi mawu omwe iye mwini anakaphunzitsa: "Uthenga wanu wachotsedwa. Chonde onani lamulo lachinayi."

Ali chiyang'anire, munthu anagogoda pakauntala ndi chiphaso.

"Achemwali, makope awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Changu, basi indisiya!"

Mlonda anadikira pang'ono, mwina munthuyo amupatsa moni. Kenako anatsegula chivindikiro cha makina.