Pulawo ya Atate ndi Fyuzi ya a Nyirenda

Ndikakumbukira a Nyirenda, aneba athu a pa boma pa Lundazi, m'mphuno mumabwera fungo la chitsulo chopsa ndi labala wofunda, ndipo m'makutu mumalira makina awo owotcherera aja, amene ankati akawayatsa, babu la m'nyumba mwathu linkaphethira.

Chaka chimene ndinaleka sukulu, mvula yoyamba itangogwa, pulawo ya atate inathyoka kumunda kwathu, kunjira ya ku Mphamba. Ng'ombe zinali zobwereka, za tsiku lomwelo basi. Ndinaimanga pulawoyo panjinga, liwiro kwa a Nyirenda.

"Adada, fulumilani! Ng'ombe zangoima!" ndinawakuwira a Nyirenda.

"Monile kaye, iwe mwana wa a Zimba."

Anandigwiritsa chingwe chakuda cha makinawo, chonenepa ngati chala chachikulu. "Chikafunda unene." Aliyense wobwera mopupuluma ankamupatsa ntchito imeneyi. Chingwe chikafunda ankazimitsa makina, n'kukhala pa tayala kumasenda nshawa, mtedza uja, amvekere makina nawonso amapuma.

Atayambanso, ndodo yowotcherera inakakamira pachitsulo, ndipo pakhoma panangomveka kuti thu! Fyuzi yapsa. Anafufuza m'kachitini mwawo, koma munatsala kawaya ka malaiti kokha, kopyapyala, koti sikakanapirira makinawo ngakhale pang'ono.

Mwaukali ndinatola msomali pansi. "Ikani uwu m'malo mwa fyuzi! Anthu onse amatelo!"

A Nyirenda anaulandira ndi manja awiri, nathokoza kuti yewo, n'kuukhomera pamtengo, n'kukolekapo chipewa chawo.

"Wagwila nchito msomali wako," anatero. "Iwe, fyuzi timapimila waya, osati ukali wa mwini pulawo. Ikachepa, ipsa ndisanayambe. Ikakula kuposa waya, ipsa ndi nyumba, ndipo yotsatila ndi ya amai ako. Ukali uli nawowu upite ku mapedulo."

Anandipatsa kachidutswa ka fyuzi yopsayo kuti ndikaonetse kusitolo ya zitsulo. Ndinapalasa ndikulalata njira yonse, nkhuku zikubalalika, ndipo wam'sitolo atafuna kundipatsa ina yokulirapo, ndinamukalipira mpaka anatsitsa bokosi lonse.

A Nyirenda ataika fyuzi yatsopanoyo n'kumaliza kuwotcherera, pulawo inafika kumunda dzuwa litapendeka. Atate anangoimangirira n'kukuwira ng'ombe, ine kutsogolo ndi chingwe, matope mpaka m'mawondo. Mwini ng'ombe pobwera anapeza tikukhota mzere womaliza, ndipo anatidikira.

Ukaliwo sunathe, ndisaname. Lero ndimawotcherera mageti ku Chipata, ndipo mwini shedi ina yomwe ndinkagwiriramo ntchito atandiuza kuti makina anga ndingolumikiza ku kawaya ka m'khitchini, tinakangana mpaka anthu anadzaza msewu. Ndinasenza makina anga tsiku lomwelo, n'kukafuna shedi ya waya wonenepa.